Musanakwere njinga ku Brands Hatch

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Johannesburg. Ife tili bwino, kaya inu ndi alamu kumeneko? Chithunzi cha njinga yamoto yanu ija ndachiona, ndi yokongola ndithu. Koma mutandiuza kuti mwalembetsa track day, tsiku limene anthu wamba amalipira kuti athamangitse njinga zawo pa bwalo la mpikisano, ku Brands Hatch ku England, ndinaganiza zokhala pansi ndi kukulemberani, poti pa foni timangoseka, nkhani yeniyeni osaimaliza.

Munandifunsa za matayala ndi mpweya wake. Zimenezo mukazimva kwa alangizi a pabwalopo. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi anthu amene mukathamange nawo. Munthu akagwa yekha pa bwalo lotere, nthawi zambiri amangoserereka mpaka m'timiyala ta m'mbali, n'kudzuka akusasa fumbi, chifukwa kulibe mitengo, ngalande kapena galimoto yochokera kutsogolo. Choopsa ndi kugundidwa ndi mnzako. Mukukumbukira imfa ya Marco Simoncelli, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto, pa bwalo la Sepang ku Malaysia pa 23 Okutobala 2011? Njinga yake itaterereka inabwerera pakati pa msewu, ndipo Colin Edwards ndi Valentino Rossi, akatswiri otheratu, analibe kozembera, anamugunda. Chaka cha 2010 Shoya Tomizawa anapitanso chimodzimodzi pa bwalo la Misano ku Italy. Ngati amenewo analephera kupewa munthu wowatulukira mwadzidzidzi, nanga bambo amene wagula njinga chaka chatha?

Ndiye pempho langa ndi limodzi: wakumbuyo kwanu azidziwiratu komwe mukulowera. Kuchedwa si mlandu, koma kudzidzimutsa anzanu.

Ine izi ndinaziphunzira ulendo wanga wachiwiri pa bwalo lina kuno. Ndikuyandikira kona, ndinamva injini ikulira kumbuyo, mtima n'kundiuza kuti ndikutsekereza munthu. Paja kwathu tinaleredwa kuti wamkulu akamabwera umapatuka. Ndinakhotera panja kuti ndimupatse njira, osadziwa kuti n'komwe iye anali atasankha kudutsira. Chigongono chake chinandikhudza paphewa, njinga yanga inagwedezeka, ndipo mpaka lero pa chovala changa chachikopa pali kamzere kokalika. Titabwerera ku pit, malo oimikirako njinga pambali pa bwalo, anandipeza. Ankavutika kuvula magolovesi chifukwa manja ankanjenjemera, koma sanandikalipire. Anangoti anali atandiyang'ana makona atatu, akudziwa bwino komwe ndimadutsa, ndipo ndikanapitiriza momwemo akanandipitirira ine osamva n'komwe. Usiku umenewo tulo sindinatione, poganiza kuti ulemu wanga ukanapweteketsa bambo wa ana a eni.

N'chifukwa chake magalasi oonera kumbuyo amawamata ndi tepi kapena kuwachotseratu. Poyamba zimaoneka zachilendo, ngati wavulidwa china chake, koma lamulo lake n'lakuti udindo wonse uli kwa wopitirira. Iye ndi amene akuona njinga zonse ziwiri. Inu musacheuke, musapatuke, musabweze moto mwadzidzidzi pa msewu wowongoka. Nthawi yanu yopitirira ikafika, siyani mpata waukulu, woti mnzanuyo asachite kudumpha m'mtima, ndipo ngati mukukayika dikirani. Msewu waufupi wa Brands Hatch, umene amautcha Indy, sukwana ndi makilomita 2 omwe, choncho malo omwewo muwapezanso pasanathe nthawi. Kufupikako kumatanthauzanso kuti njinga zimaunjikana, makamaka pa kona yakuthwa yotchedwa Druids pamene aliyense amamanga mabuleki kwambiri. Pamenepo musayese kudzifinyira mkati mwa munthu amene wayamba kale kupendeka.

Kaloweni gulu la oyamba kumene, la novice. Ndikudziwa kuti mwayendetsa njinga zaka zambiri, koma luso la pamsewu ndi lina. Kumeneko kumayamba ndi maulendo angapo otsatira mlangizi pang'onopang'ono, ndipo mukaona kuti gululo lakuchepera, iwo omwe adzakukwezani. Mukawafunse chilichonse, paja safunsa anadya phula. Komanso njinga yanu ndi yamphamvu. Mukaona kanjinga kakang'ono kakukupitirirani pa kona, inu n'kukabwezera powongoka, kenako iko n'kukupezaninso, dziwani kuti mwini wakeyo akukuposani. Mlekeni apite, mumutsatire, muphunzirapo kanthu.

Polowa ndi potuluka ndi pamene pamasiyana liwiro kwambiri. Mukafuna kubwerera ku pit, kwezani dzanja lamanzere mudakali patali, ndipo mukakweza musasinthenso maganizo. Potuluka ku pit musadumphe mzere woyera wolekanitsa njira yanu ndi msewu wothamangira. Ku Brands Hatch mumatulukira pafupi ndi Paddock Hill Bend, kona yotsetsereka imene anzanu amaifikira ali pa liwiro lalikulu, pamene inu matayala akadali ozizira. Ndi nyengo ya ku England ija, apatseni maulendo awiri kuti afunde.

Za mbendera akakuuzani m'mawa pa msonkhano umene aliyense amayenera kukhalapo. Yachikasu ndiye kuti kutsogolo kuli vuto, chepetsani liwiro ndipo musapitirire aliyense. Ya mizere yachikasu ndi yofiira ikutanthauza kuti pansi pakuterera. Yofiira ikakwezedwa zonse zaima, koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatseka moto nthawi yomweyo, wakumbuyo amene sanaione mbenderayo n'kuwalowa. Kwezani dzanja kaye, muchepetse pang'onopang'ono mpaka ku pit.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi ichi. Wina akagwa pamaso panu, musaime. Ndikudziwa mtima wanu, simungadutse munthu ali gone pansi, ndipo pamsewu wamba ndikanakuuzani kuti imani. Koma pa bwalo pali ma marshal, oyang'anira chitetezo m'mbali mwa msewu, ndi achipatala amene ntchito yawo ndi yomweyo, ndipo njinga yoima pakati imangowonjezera ngozi ina. Musamuyang'anitsitsenso. Njinga imalowera komwe maso aloza, mukamuyang'ana iye mukamugunda. Yang'anani mpata umene watsala. Ine zinandichitikira kamodzi, ndinadutsa mnyamata akugubuduzika, ndipo ndinafika ku pit ndili ndi chisoni ngati ndamutaya. Patapita mphindi khumi ndinamuona akutsika m'galimoto yonyamula njinga zakugwa, akuyenda yekha.

Masana mukamva manja kulemera kapena mwayamba kuphonya malo omangira mabuleki, dumphani chigawo chimodzi, mukhale pansi mumwe madzi. Ndalama munalipirazo zisakukakamizeni kukwera mutatopa.

Mukabwerako mundiimbire madzulo omwewo, ngakhale kuno kutakhala kuti kwada. Ndikufuna ndimve momwe mwaionera Paddock Hill ulendo woyamba. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kalekale.