Ndinafika pakhomo la msonkhano wa osiya mowa, koma ndinabwerera

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 43, ndimakhala ku Chawama mu Lusaka ndipo ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Mowa ndinauyamba ndili kondakitala wa minibasi, nthawi ya tujilijili. Timapaketi tija tinkakwana m'thumba la shati, munthu n'kumamwa uli pa ntchito popanda wodziwa. Boma litaletsa tujilijili mu 2012, anzanga ena analekera pomwepo, koma ine ndinangosamukira ku kachasu.

Masiku ano manja anga amanjenjemera m'mawa uliwonse mpaka nditalawako pang'ono, ndipo ndi manja omwewo amene ndimadyera. Mwezi wa Juni mayi a kunyumba anatenga ana athu atatu n'kupita kwawo ku Katete. Ankhoswe akhalirapo pansi kawiri, koma mawu a mayiwo sanasinthe: adzabwera ndikadzasiya. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa ndalama ya lendi ya miyezi iwiri ndinamwera ndine. Amayi anga ondibereka anabwera ndi mankhwala azitsamba othira m'phala kuti mowa uzindinyansa. Ndinasanza masiku awiri, sabata yotsatira ndinali kushabini.

Chimene ndakulemberani ndi ichi. Bambo wina wachikulire amene ndinkamukonzera geti anaona mmene ndinkagwirira chitsulo. Sanandinyoze. Anandiitanira pamthunzi n'kundiuza kuti nayenso anali ngati ine, ndipo chinamuthandiza ndi gulu la Alcoholics Anonymous, limene amangoti AA. Anati linayambira ku America mu 1935, pamene amuna awiri ogonja ku mowa, mmodzi wa iwo dokotala, anaona kuti akamakambirana za vuto lawo tsiku limatha osamwa. Anati kulibe ndalama yolembetsera, munthu amangotchula dzina loyamba, ndipo salumbira kuti wasiya mpaka imfa, amangolimbana ndi tsiku la lero. Mawu amenewo anandikhudza, pakuti ine malumbiro a moyo wonse ndaphwanya ambirimbiri.

Anandilongosolera holo ya tchalitchi china kutsidya kwa tauni kumene amakumana. Loweruka lina ndinasamba, ndinavala shati yoyera, ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenako ina. Nditafika ndinaima pafupi ndi windo. Panja panali magalimoto, m'kati anthu ankalankhula Chingerezi chokhachokha. Ine sukulu ndinalekera Giredi 7, Chingerezi changa n'chogulira zitsulo basi. Komabe ndinamva mayi wina akutchula dzina lake, n'kunena yekha kuti ndi chidakwa, anzake n'kumulonjera mwaulemu.

Azakhali, liwu limeneli ndi limene alamu anga anandilasa nalo pamaso pa ana anga tsiku lonyamula katundu. Ndi limenenso ana a m'komboni amandikuwiza nalo ndikamadzandira madzulo. Ndingalitchule bwanji ndi pakamwa panga, pamaso pa anthu osawadziwa? Miyendo inalemera. Ndinabwerera, ndipo ndalama yokwerera basi ndinakamwera, kunyumba ndinafika wapansi usiku. Nambala ya bambo uja inapita ndi foni imene ndinapinyolitsa.

Chonde ndithandizeni. Kodi mu Lusaka muno muli misonkhano yotere ya m'Chinyanja, kufupi ndi Chawama, Kanyama kapena Matero? Ndikafunse kwa ndani popanda nkhani kuwanda? Kutchalitchi kwathu ndikuopa, chifukwa amayi anga ali m'bungwe la amayi ndipo anyozeka kale mokwanira. Nanga tsiku loyamba munthu angathe kungokhala kumbuyo n'kumvetsera, osalankhula? Ngati ndamwako m'mawa kuti manja akhazikike, adzandibweza pakhomo? Ndimaopanso kukumanako ndi kasitomala wanga, ngakhale ndikaganiza bwino, iyenso adzakhala atabwera ndi vuto lomwelo.

Palinso china chikundisokoneza. Nesi wa kukiliniki anandichenjeza kuti munthu wonjenjemera ngati ine asasiye mowa mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba, chifukwa akhoza kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene. Anandiuza kuti ndikaonane ndi madokotala ku chipatala cha Chainama. Koma mukudziwa kuti kwathu kuno ukangotchula Chainama anthu amati wapenga. Akamva apongozi ku Katete, si ndiye kuti banja latheratu? Tsono ndiyambe kuti, kuchipatala kapena kumsonkhano? Kapena zimayendera limodzi?

Ndingakondenso kudziwa ngati pali kumene mayi a kunyumba angapeze anzawo olankhula nawo. Bambo uja anatchulapo gulu la Al-Anon, la mabanja a anthu akumwa. Zaka 15 asenza zimenezi okha, ndipo ngakhale atapanda kubwerera kwa ine, ndikufuna mtima wawo upepukeko.

Lachisanu la sabata ya mawa ndikulandira ndalama ya geti limene ndikumaliza. Mwana wanga wamkazi wa Giredi 6 anandiimbira pa foni ya aneba kuti nsapato zake zang'ambika, ndipo ndinamulonjeza. Kuchokera pamene ndimagwirira ntchito kukafika pa kabuthu kotumizira ndalama pali mashabini atatu.

Ine wothedwa nzeru,
Chawama, Lusaka