Amandithandiza pa foni, koma nkhani yanga ndaipeza pa Facebook

Okondedwa Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndili chaka chachitatu pa yunivesite kuno ku Zomba. Kwathu ndi ku Phalombe. Tsamba lanu ndinayamba kuliwerenga ndili ku sekondale, ndipo nthawi zina ndinkaseka anthu olemba, osadziwa kuti tsiku lina nane ndidzagwira cholembera. Chonde dzina langa lisatuluke, chifukwa nkhani yangayi yatuluka kale kamodzi popanda chilolezo changa, ndipo n'chimene chandilembetsa kalatayi.

Ndiyambire patali pang'ono. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, ndinali kumudzi ndi amayi komanso ang'ono anga awiri. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza. Usiku wina tinamva mkokomo kuchokera kuphiri, ngati magalimoto akuluakulu ambirimbiri akutsika pamodzi. Tinathawa ndi zovala zimene tinagona nazo. Moyo tinapulumuka tonse, koma nyumba, mbuzi ndi chimanga chimene chinali chitatsala pang'ono kukhwima zinapita. Mayi wina woyandikana nafe, amene ankandiluka tsitsi ndili mwana, sanapezeke mpaka lero. Tinakhala m'kalasi pa sukulu ina ya pulayimale kwa milungu ingapo, mabanja ambiri m'chipinda chimodzi.

Nthawi imeneyo sindinalire. Anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, mwana woyamba ndithu. Vuto linadzayamba ndili kale kuno.

Ndimachita lendi ku Chikanda, chipinda chimodzi atsikana atatu, denga lamalata lopanda siling'i. Mvula ya ku Zomba mukuidziwa, imatsika phiri mosapereka moni. Dontho loyamba likangogunda lata, mtima wanga umayamba kuthamanga, manja thukuta, mpweya kuchepa ngati wina wandikhalira pachifuwa. Anzanga ali mkonono, ine ndili tsonga pabedi, nsapato ndavala, chikwama chili pamwendo, kudikira kuthawa. Kuthawira kuti? Nanenso sindidziwa. Kukacha ndimalowa m'kalasi mutu uli waa, aphunzitsi akuyankhula ine ndikungoona milomo ikuyenda. Kenako kusowa tuloko kunasiya kudikira mvula. Ndinayamba kumagona maola awiri kapena atatu ngakhale m'chilimwe, ndikuwerengetsera ndalama mumdima. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi inakwera, ndiwo zinakwera, ngakhale kusindikiza pepala limodzi la asayimenti kunakwera. Kumudzi amandiyang'ana ngati ndine amene ndidzamangenso nyumba ija. Semesita ina ndinalephera kosi imodzi n'kulembanso mayeso obwereza, ine amene sindinalepherepo chiyambire sitandade 1.

Nditawauza amayi pa foni, anati ndi mizimu yoipa kapena anthu ansanje akumudzi amene sakukondwa kuti ndili ku koleji. Anapita kwa abusa, anandipempherera pa foni pomwepo, ndipo ndikuthokoza chifukwa ndikudziwa kuti ndi chikondi. Ndinagona bwino usiku umodzi. Mnzanga wina anati ndingoyamba kumwa pang'ono Lachisanu, nkhawa zimasungunuka. Ndinayesa kawiri, Loweruka lake ndinadzuka ndi nkhawa zomwezo kuphatikizapo mutu.

Mwina mufunsa kuti bwanji osapita kuchipatala, poti chipatala chachikulu cha matenda a m'maganizo m'dziko muno chili konkuno ku Zomba. Azakhali, inu mukudziwa mmene timayankhulira. Munthu akangochita zachilendo timati "ameneyu akufunika ku Zomba," anthu n'kuseka. Ine ndinakulira nthabwala imeneyi, ndaisekapo ndi pakamwa panga. Tauni ino ndi yaing'ono. Wakabaza amene angakutsitse pageti ndi yemweyo amanyamula anzako a m'kalasi. Ngakhale kwa alangizi a pa sukulu ndinafikapo pakhomo kawiri, koma ulendo woyamba ndinaona mnyamata wa m'kalasi mwathu akudutsa ndipo ndinanamizira kufunsa ofesi ina. Ulendo wachiwiri miyendo inangondibweza yokha. Palibe amene anandibweza, ndi manyazi anga.

Ndiye mu Epulo chaka chino ndinaona pa sitetasi ya WhatsApp ya mnzanga chithunzi cha mayi wina amene amapereka uphungu pa intaneti. Analemba kuti amathandiza ophunzira amene akuvutika ndi nkhawa komanso kupsinjika maganizo, mwachinsinsi, uli kwanu komweko. Ndinawalembera usiku wa 1 koloko, ndikuganiza kuti sayankha. Anayankha m'mawa wake. Tinagwirizana kuti tizikambirana Lachinayi lililonse madzulo kwa mphindi 45, ine n'kumatumiza K12,000 pa Airtel Money tisanayambe. Anati amakhala ku Lilongwe. Nkhope yawo ndinaiona kamodzi kokha pa vidiyo tsiku loyamba, kenako tinkangoimbirana mawu okha chifukwa vidiyo imadya bandulo ngati chiswe.

Ndinene chilungamo, anandithandiza. Tsiku loyamba lomwelo ndinalira kwa nthawi yoyamba chichitikire za Freddy, nditakhala pamwala kuseri kwa nyumba ya alandilodi, pafupi ndi pamene amayanika zovala, chifukwa m'chipinda munali anzanga. Mayiwo sanandidule mawu, sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anangoti zimene thupi langa limachita mvula ikagwa si misala, ndi thupi limene linaona zoopsa ndipo silinauzidwebe kuti zinatha. Mawu amenewo ndinawalemba pachikuto cha kope langa. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya ndikuwerenga mpaka 4 n'kuutulutsa mochedwerapo. Anandiuza kuti mantha akabwera ndizitchula zinthu zisanu zimene ndikuziona, zinayi zimene ndingazikhudze, choncho mpaka mtima utakhazikika. Poyamba ndinaona ngati masewera a ana a mkaka. Koma usiku wina wa chiperoni, mvula ya mawawa ikuwaza pamalata, ndinatchula ndowa, neti, kandulo, sutikesi ya mnzanga ndi kalendala yakale ya pakhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinavula nsapato n'kugona.

Zovuta zinalipo, ndinkangozipirira. Netiweki imatha kuduka uli pakati pofotokoza chinthu chimene wachisunga mumtima zaka ziwiri, n'kumangomva "halo, halo, mukundimva?" Pobwereza mawuwo amakhala atazizira. Magetsi akazima foni imathera pomwepo, ndalama itapita kale. Tsiku lina mwana wa alandilodi anaima pambali panga ndi chidebe mpaka ndinasintha nkhani n'kuyamba kukamba za mayeso. Komanso mayiwa amakonda Chingerezi. Ine Chingerezi ndimachidziwa, ndimalembera mayeso, koma zowawa zanga sizikhala m'Chingerezi. Mkokomo uja ndinaumva m'Chichewa ndi m'Chilhomwe cha agogo anga amene ankakuwa kuti tithawe.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni. Masabata atatu apitawo, mmodzi wa atsikana amene ndimagona nawo anandionetsa foni yake akuseka pang'ono, amvekere, "Iwe, uyu si iwe?" Pa tsamba la Facebook la mayi aja panali nkhani yaitali ya "kasitomala wanga wina, wophunzira ku Zomba, wochokera dera limene linakhudzidwa ndi Freddy," amene amagona atavala nsapato mvula ikamagwa. Dzina sanalembe. Koma analemba za nsapato, za chikwama pamwendo, za mayi amene ankandiluka tsitsi, ngakhale za kosi imene ndinalephera. Kumapeto analemba kuti mtsikanayu tsopano akupeza bwino chifukwa cha uphungu wawo, n'kuika nambala yawo kuti ena ayimbe. Pansi pake anthu anali kuyamikira, ena kuika timitima, wina mpaka analemba kuti mtsikanayu akufunika mapemphero a usiku wonse.

Azakhali, ndinamva ngati andivula pamsika wa Mpondabwino. Ndinakana kwa mnzangayo, ndinati atsikana ochokera kumadera a Freddy alipo ambiri pa sukulu pano. Anangondiyang'ana n'kuyang'ana nsapato zanga pansi pa bedi. Sananenenso kanthu, ndipo chiyambire tsiku limenelo amandikomera mtima mopitirira muyeso, kundigawira tiyi, kundifunsa ngati ndagona bwino. Sindikudziwa ngati wauza ena. Ndikamadutsa pagulu anthu n'kuseka, ndimaona ngati akuseka ine.

Ndinawalembera mayiwo. Anapepesa, anati sankaganiza kuti wina angandizindikire, cholinga chawo chinali kulimbikitsa achinyamata ena kuti asamabise mavuto. Nkhaniyo anaichotsa tsiku lomwelo, koma inali itakhalapo masiku anayi, ndipo anthu amajambula zinthu pa foni n'kusunga. Mkwiyo utandigwira ndinawafunsa funso limene ndinayenera kufunsa mu Epulo: kodi munaphunzira kuti za uphungu, ndipo pali bungwe limene linakulembetsani? Anayankha kuti anachita maphunziro osiyanasiyana pa intaneti, ndipo akhala akuthandiza anthu kwa zaka zambiri, zipatso zake ndaziona ndekha. Satifiketi sananditumizire, ine sindinaumirire. Ndipo ndikaganiza, ndimapeza kuti sitinasainirane kanthu, sanandiuzepo kuti zimene timakambirana amazisunga bwanji, ndipo mauthenga anga a mawu, ena ndikulira, ali mufoni mwawo.

Ndiye ndasiya kuimba masabata atatu tsopano. Iwo anditumizira uthenga kawiri kufunsa ngati ndili bwino, ulendo wachiwiri anati gawo lotsatira likhala laulere. Sindinayankhe. Koma tulo tayambanso kuthawa, mayeso ayandikira, mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa phiri masana aliwonse. Dzulo ndinadzipeza nditatsegula nambala yawo, chala chili pamwamba. Munthu amene anandipweteka ndi yekhayo amene akudziwa nkhani yanga yonse, ndipo kuyambiranso kwa munthu wina, kufotokozanso za usiku uja kuchokera pachiyambi, ndikungoganiza chabe ndimatopa.

Pali chinanso chimene chikundidya. Ndalama zimene ndinkalipira si zanga. Amalume anga, achimwene awo a amayi, amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Johannesburg ndipo amanditumizira kangachepe pa Mukuru mwezi uliwonse kuti ndilipire lendi ndi kudya. Pa miyezi imeneyi ndakhala ndikudya kamodzi pa tsiku masiku ena kuti Lachinayi ndipeze K12,000 ndi ya bandulo. Nthawi ina ndinawanamiza kuti tikufunika kugula buku. Amalume ndi munthu wabwino koma wachikale, amene amati mwana wa mlimi sadwala maganizo, amangofunika khasu. Ndikawauza kuti thukuta lawo ndinkalipirira kucheza pa foni ndi mayi amene sindinakumanepo naye, amene pamapeto pake anandiika pa Facebook, ndikuopa kuti adzati sukulu yandisokoneza mutu. Koma bodzali likundilemeranso.

Ndinawerengapo za ku Zimbabwe, kumene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene kumeneko amati kufungisisa, kuganiza kwambiri monga timanenera ife. Nditawerenga ndinachita kaduka. Ine ndikanakonda gogo wotero, woyankhula chiyankhulo changa, woti ndikamuyang'ana m'maso ndidziwe kuti zanga zathera pa benchi pomwepo. Ndamvanso kuti a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a mavuto ngati anga, koma kwa ine amene ndimawerengetsera ya kabaza, kumeneko ndi kutali.

Ndithandizeni Azakhali. Kodi ndibwerere kwa mayiwa, poti anapepesa ndipo njira zawo zinandigwiradi ntchito, kapena munthu akaulula chinsinsi kamodzi ndiye kuti basi? Ngati nditafuna mlangizi wina wa pa intaneti, ndingamudziwe bwanji kuti ndi weniweni ndisanamukhuthulire za mumtima? Kodi ndi mwano kupempha munthu wamkulu kuti andionetse mapepala ake? Ndimadziwa kuti madokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, nanga awa a pa WhatsApp ndikafunse kuti? Mtima wina ukundiuza kuti ndikadandaule penapake kuti asadzachitenso kwa wina, koma kudandaula kukutanthauza kutchula dzina langa, chinthu chimene ndakhala ndikuthawa chiyambire.

Ndipo ngati yankho lanu ndi lakuti ndisiye za pa foni, ndipite ndekha kwa alangizi a pa sukulu kapena kuchipatala, ndiuzeni mawu oyamba amene munthu amanena akalowa pakhomo paja, chifukwa ine ndikafika pamenepo pakamwa pamauma. Za amalume nazo mundiuze ngati ndiwauze panopa kapena ndidikire ndimalize mayeso. Abwera ku tchuthi cha Khirisimasi, ndipo chaka chilichonse amandiitanitsa kope limene ndimalembamo mmene ndagwiritsira ntchito ndalama zawo.

Ine mwana wanu wosowa tulo,
Chikanda, Zomba