Ndibwezereni K93,000 yanga, kompyuta ija ikungozimabe yokha

Inu a shopu yokonza makompyuta ya pa Luchenza, ndalemba pa tsamba lanu lino chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha. Ndine mayi uja wa pa Chitakale amene ndinabweretsa kompyuta ya pa tebulo yomangozima n'kuyakanso yokha. Munthu uli mkati molemba, sikirini imangoti bii, kenako chizindikiro cha Windows, zimene umalemba zapita. M'menemo ndimasungamo mawerengero a banki m'khonde ya amayi kwathu, ndipo mwana wanga wa Fomu 4 amawerengerapo manotsi a MSCE.

Poyamba munati ndi vayirasi. Munaikamo Windows ina, ndinalipira K35,000, zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga n'kufufutika osandifunsa n'komwe. Ndinapirira. Usiku womwewo inazimanso. Nditabwerera munati power supply, kabokosi kamene kamagawa magetsi mkati mwa kompyuta, yafa, yatsopano K58,000. Ndinapereka, risiti ndili nayo. Vuto silinathe.

Koma chandipweteka kwambiri ndi cha Loweruka lija la mwezi wathawu. Munandiuza nokha pa foni kuti ndibwere nayo. Ndinalawirira, kunja kuli chiperoni, kompyuta ndaikulunga m'chitenje, ndaifungata pamiyendo mu minibasi msewu wonse, kondakitala n'kundilipiritsanso ya katundu. K9,000 inapita pa ulendo umenewo. Pa kauntala ndinapeza mnyamata wanu, mahedifoni ali m'makutu. Ndinapereka moni, sanayankhe. Ndinabwereza. Anachotsa imodzi yokha n'kunena kuti, "Mayi, ndi magetsi a kwanuko amene akuiwononga. Inu za kompyuta mukudziwapo chiyani? Bwana kulibe, mubwere Lolemba." Pamaso pa anthu! Nditamupempha kuti angoilumikiza aone yekha, anati kuyeza ndi K10,000 ina, n'kubwezera hedifoni ija. Anzanga amene mukuwerenga, mwana ameneyu ndi msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinatuluka misozi ili chilengelenge, ndinakaima pa siteji manja akunjenjemera. Kodi kwanuko kasitomala akalipira amasanduka wopemphetsa?

Za magetsizo ndikukana. Magetsi akathima tonse timaona. Kompyutayi imazima babu ali chiyakire, TV ikulankhula, filiji ikulira, ndipo ili pa surge protector, chipangizo choiteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Mphwake wa aneba anga, amene akuphunzira za makompyuta, ndi amene anaitsegula ine ndikuona. Fani ya pa purosesa, ubongo wa kompyuta, inali itatsekeka ndi fumbi logwirana ngati thonje, phala lija amapaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa litauma gwa. Kutentha kumapitirira madigiri 90, ndipo anandifotokozera kuti kukakwera kwambiri kompyuta imadzizimitsa kuti isapse. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zimene zaichitikira, munali uthenga wa Kernel-Power 41 wokhawokha, kusonyeza kuti imathima mwadzidzidzi, osatsekedwa bwino. Anachotsa chosankha cha Automatically restart, chimene chimaiyatsanso yokha, kuti ngati vuto ndi la Windows tione sikirini ya buluu yosonyeza vutolo, koma sinabwere. RAM, memore ya kompyuta, anaiyeza ndi pulogalamu ya Windows Memory Diagnostic, ilibe vuto. Zonsezi wachita mwana wa sukulu pa mkeka, ndi sikuludiraiva imodzi ndi burashi. Inu muli ndi shopu, simunapukute ngakhale fumbi.

Atayeretsa, kutentha kunatsika, koma ikalemedwa ntchito ikuzimabe. Ndiye tinayang'ana power supply ija "yatsopano". Abale anga, ndi yakale yomwe ija! Kumbuyo kwake kuli kadontho ka penti yobiriwira kamene kanagwerapo pamene tinkapenta chipinda, fumbi lake ndi lomwelo la mkatimo. K58,000 yanga munagulira chiyani?

Ndalama imeneyo ndinabwereka ku banki m'khonde komweko, ndikubweza ndi chiwongoladzanja, mwana akukalowa mayeso manotsi ake ali m'makina osadalirika. Ya minibasi ndakusiyirani. Koma K93,000 ndikuifuna yonse pofika Lachisanu, pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala muli nayo m'buku lanu. Likadutsa Lachisanu ndikadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, risiti ndi zithunzi za power supply ija zili m'manja, ndipo za kulipiritsa chinthu chimene simunaike ndikazitula kupolisi. Magulu a WhatsApp a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene ndilimo ndi ambiri, ndipo kumeneko dzina la shopu yanu sindidzabisa.

Wina amene anakonzetsako pamenepa alembe m'munsimu, tidziwane. Ndipo bwana, muimbe nokha, musanditumizire mnyamata uja.