Madokotala owongola mano m'chigawo chathu akhale ndi msonkhano wawo wapachaka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ife Amalawi okhala kuno ku Harare timaikambirana kawirikawiri, makamaka makolo amene ana athu anauzidwa kuti akufunika mawaya owongolera mano. Nkhaniyi ndi ya mabungwe a madokotala owongola mano ndi misonkhano yawo yapachaka, imene ambiri amaiona ngati ya akatswiri okhaokha, chonsecho phindu lake limagwera mwana amene wakhala pampando wa dokotala atayasamula.

Ntchito yowongola mano inaima payokha chifukwa eni ake anagwirizana. Mu 1900, Edward Angle ndi anzake anayambitsa ku St. Louis bungwe limene lero limatchedwa American Association of Orthodontists, ndipo mu 1907 ku Ulaya kunabadwa European Orthodontic Society. Lililonse la mabungwe awiriwa limachita msonkhano wake chaka ndi chaka. World Federation of Orthodontists, imene inakhazikitsidwa ku San Francisco mu 1995, imasonkhanitsa akatswiri a dziko lonse lapansi pakatha zaka 5 zilizonse, monga inachitira ku London mu 2015.

Kumisonkhano imeneyi dokotala amaonetsa zithunzi za wodwala wake asanayambe kumuthandiza ndiponso atamaliza, ndipo anzake amamufunsa mosanyengerera chifukwa chimene anazulira dzino lakutilakuti, kapena chimene anadikirira kuti nsagwada za mwana ziyambe zakula. Kufunsana kotereku n'kofunika kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa kuwongola mano kumatenga chaka ndi theka, zaka 2 kapena kupitirira, wodwala akubwerera kwa dokotala pakangopita milungu ingapo, ndipo cholakwika chimaoneka mochedwa. Waya akakokedwa mopyola muyeso mizu ya mano imatha kufupika, ndipo wodwala akapanda kupatsidwa chogwirira mano mawaya atachotsedwa, mano amabwerera mwakale, ndalama za kholo n'kulowa m'madzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti misonkhano ikuluikuluyi imachitikira kutali. Dokotala wa ku Harare kapena ku Blantyre ayenera kupeza tikiti ya ndege, chitupa cholowera m'dziko la eni, malo ogona ndi ndalama zolembetsera, kwinaku atatseka chipatala chake kwa sabata yathunthu. Anzathu a ku South Africa ali ndi bungwe lawo la South African Society of Orthodontists komanso mayunivesite ophunzitsa ukatswiriwu, monga Witwatersrand, Pretoria ndi Western Cape, koma kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo akatswiri otere ndi owerengeka ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu basi.

Pempho langa likupita kwa atsogoleri a Zimbabwe Dental Association ndi a Dental Association of Malawi, pamodzi ndi anzawo a ku Zambia, kuti akhazikitse msonkhano wapachaka wa zowongola mano umene uzizungulira pakati pa Harare, Lusaka ndi Blantyre. Mizinda imeneyi munthu amafikako ndi basi. Ife tomwe timadutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza tikamapita kumudzi. Msonkhanowo usakhale wa akatswiri okha. Aitanidwenso madokotala a mano wamba ndi ogwira ntchito za mano m'zipatala zam'maboma, chifukwa iwowo ndi amene amayamba kumuona mwana woyamwa chala mpaka mano akutsogolo kutulukira kunja, kapena mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika amene adzafunika kuwongoledwa mano pambuyo pa opaleshoni. Bungwe la ku America lija limalangiza kuti mwana aonedwe asanapitirire zaka 7, ndipo uphungu wotere sungafike kumudzi ngati wogwira ntchito pachipatala chaching'ono sanaumvepo.

Ophunzira nawonso apatsidwe malo. Malawi inayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Wachinyamata sangasankhe ukatswiri umene sanaonepo munthu akuufotokoza, ndipo ndikukhulupirira kuti masiku awiri akumvetsera akatswiri akutsutsana pa za wodwala weniweni angakope ena kuti adzapitirize maphunziro pa mbali imeneyi.

Ife makolo tikusowanso njira yodziwira amene anaphunziradi ntchitoyi, popeza pa Facebook pamaoneka otsatsa mawaya a mano pamtengo wotsika amene sanena n'komwe kumene anaphunzira. Mabungwewa, mogwirizana ndi Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe ndi Medical Council of Malawi, azitulutsa pakutha pa msonkhano uliwonse mndandanda wa akatswiri ovomerezeka, ndipo uzisindikizidwa m'nyuzipepala ngati yanuyi, m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chindebele.

Ndine wanu,
Kholo lokhudzidwa,
Mufakose, Harare