Wolembetsa dzina ku tropa ayambe kuthamanga tsiku lomwelo

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Ulónguè, kuno ku Angónia. Ndine mlimi wa kachewere ndi nyemba, koma ndili mnyamata ndinakhala zaka ziwiri ku tropa, kutanthauza ku usilikali, monga lamulo linkanenera masiku amenewo. Pano zinasintha. Kumapeto kwa 2023 aphungu ku Maputo anavomereza kuti wolowa usilikali azikhalako zaka 5, ndipo wa magulu apadera zaka 6. Chaka ndi chaka, mu Januwale ndi Febuluwale, anyamata ndi atsikana okwanitsa zaka 18 amakalembetsa mayina. Akabwerako amaika kapepalako m'chikwama n'kuiwala, kufikira tsiku lomwe adzamve kuti aitanidwa. Pamenepo m'pomwe mumawaona m'mawa pamsewu wopita ku Calómuè, akuthamanga ngati awathamangitsa njuchi, kufuna kupeza m'masabata awiri mphamvu yomwe imafuna miyezi.

Ndikudziwa mathero ake chifukwa inenso ndinachita zomwezo. Nditamva kuti ndikupita, ndinathamanga tsiku lililonse pa tala, nditavala nsapato zapulasitiki. Tsiku lachisanu ndi chimodzi msongolo wa mwendo wamanzere unayamba kundibaya. Ndinati ndi ulesi wa thupi, utha wokha. Ndinafika nawo kukampu ululu umenewo, ndipo kumeneko kuthamanga ndi kwa m'bandakucha, pamzere, mutavala jombo, palibe wokufunsa kuti wagona bwanji. Usiku anzanga akagona, ndinkayendetsa chala pafupa lija kufunafuna pomwe pakupweteka, n'kupeza malo otentha kukula ngati ndalama yachitsulo. Ndinamaliza maphunziro ndikutsimphina, ndipo mpaka lero kukazizira mu Juni mwendo umenewu umandikumbutsa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kuposa mafupa ndi mitsempha. Pakatha masabata atatu munthu amaona kuti befu lachepa, ndiye amawonjezera mtunda, osadziwa kuti msongolo, bondo ndi kakolo zikadali m'mbuyo. Ovulala ambiri amavulalira pamenepa.

Chaka chino mwana wa mlongo wanga analembetsa. Ndi wampira, ndipo nditamuuza zothamanga anandiyankha kuti, "Amalume, ine ndimamenya mpira mphindi 90, ndingalephere bwanji?" Ndinamutenga kubwalo la sukulu tambala atangolira kachiwiri. Kunali nkhungu yoti golo la uko silimaoneka, mame akunyowetsa masokosi, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi wa fodya. Ulendo woyamba kuzungulira bwalo anauluka. Wachiwiri anayamba kutsegula pakamwa. Wachinayi ndinamupeza atakumbatira mtengo wa golo, akulavula. Mpira uli ndi poima: mpira watuluka, wina wagwa, oimbira aimba. Pamzere wa asilikali poima palibe.

M'mawa mwake ndinathamanga naye phewa ndi phewa, ndipo ndinati, "Iwe, ndifotokozere mmene mayi ako anagulitsira kachewere ku Tete, usasiye kanthu." Anadabwa, koma anayamba kufotokoza. Mawu akayamba kuduka, ndinkamugwira dzanja kuti achepetse. Muyeso wake ndi umenewu basi: ngati sungathe kulankhula chiganizo chathunthu uku ukuthamanga, wapitirira liwiro. Anyamata zimawachititsa manyazi, amati amayi opita kumunda atiseka kuti tikuyenda ngati nkhalamba. Asekeni. Kuthamanga kofatsa kumeneku n'komwe kumakulitsa mtima ndi kulimbitsa miyendo popanda kuithyola.

Masabata oyamba tinkathamanga mphindi ziwiri, kuyenda imodzi, mpaka mphindi 20 zikwane, katatu pa sabata, tsiku lopuma pakati. Kupumako ndi gawo la ntchito, chifukwa thupi limadzikonza pa tsiku limenelo. Sabata iliyonse tinkawonjezera pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wa sabata yapita. Itakwana miyezi iwiri anatha kuthamanga mphindi 30 osaima. Kenako m'pomwe ndinamulola kukwera chitunda, kamodzi pa sabata, kukwera mothamanga ndi kutsika moyenda. Zitunda kuno n'zosasowa, Mulungu anatipatsa zambiri kuyambira ku Dómuè mpaka ku Tsangano. Loweruka amayenda ulendo wautali atabereka chikwama muli chimanga cha makilo 8 kapena 10, pakuti msilikali sayenda chimanjamanja.

Wotchi yokwera mtengo siifunika. Bwalo la mpira lokwana bwino, la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, ukalizungulira katatu wayenda kilomita imodzi ndi pang'ono. Mabwalo a m'midzi ambiri ndi ocheperapo, choncho yambani mwaliyeza ndi mapazi. Kamodzi pa mwezi timatchera foni mphindi 12 n'kuwerenga maulendo. Njira imeneyi anaiyambitsa dokotala wa asilikali a ku America, Kenneth Cooper, mu 1968, ndipo ubwino wake ndi woti aliyense angaichite. Ine ndimauza anyamata anga kuti wazungulira bwalo lalikulu kasanu ndi kawiri, omwe ndi makilomita 2.4, waima pabwino. Ndi muyeso wanga wa pabwalo pano, wongowathandiza kuona ngati akupita patsogolo.

Pali china chimene ife a kumapiri timachinyoza, ndicho kutentha. Ulónguè ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo tinakulira mumphepo. Aliyense amene anatsikako ku Moatize kapena ku Tete mu Okutobala akudziwa kuti kumapitirira madigiri 40, malaya amamatirira kumsana usanawoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel. Malo ophunzitsira asilikali ngati Munguine ku Manhiça kapena Montepuez ku Cabo Delgado ali kumunsi kotentha kuposa kwathu kuno. Mnyamata wongothamanga m'nkhungu adzavutika. N'chifukwa chake miyezi yomaliza timathamangako tsiku limodzi dzuwa litakwera pang'ono, mtunda waufupi, madzi ali pafupi. Aziyang'ananso mkodzo wake: ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Akamva chizungulire kapena mutu kuwawa, aime pamthunzi nthawi yomweyo.

Za nsapato, pamulu wa kalamidade (kaunjika) pamsika zimapezeka zabwino. Sankhani ya pansi pofewa, yosiya mpata wa chala chimodzi kutsogolo, ndipo thamangani panjira ya dothi kusiyana ndi pa tala. Chakudya tili nacho: nsima, nyemba, mtedza, mazira, usipa, masamba, thobwa akabwerako. Kachasu ndi fodya zimadya zonse zimene wagwirira ntchito sabata yonse. Amene thupi latentha asathamange, akayezetse malungo kaye. Amene akuona magazi mumkodzo akalandire mankhwala a likodzo kuchipatala, chifukwa munthu wochepa magazi amatopa ngakhale atalimbikira chotani. Ululu wa pafupa wokhala malo amodzi, wosatha ngakhale utapuma, usapiriridwe ngati mmene ndinachitira ine.

Anyamata amakonda kutchula Maria Mutola, ndipo n'zoona kuti nayenso anayambira pa mpira ku Maputo. Koma anapita ku Olimpiki koyamba mu 1988 ali ndi zaka 15, ndipo mendulo ya golide ya mamita 800 anaitenga ku Sydney mu 2000. Pakati pake pali zaka 12 za kudzuka m'mawa. Ife tikupempha miyezi inayi kapena isanu yokha.

Kuyambira 2017 nkhondo ili ku Cabo Delgado, ndipo ana amene tikuwatumiza ena adzafika kumeneko. Sindingawaphunzitse mfuti, si ntchito yanga. Koma mwana wathu asakhale wotsalira m'mbuyo m'tchire chifukwa cha miyendo yomwe tikanaikonza pakhomo. Ndikupempha aphunzitsi akuluakulu kuti mabwalo a sukulu akhale otsegula m'mamawa, mafumu alengeze pamisonkhano, ndipo anzanga amene tinavalapo yunifolomu, mudzi uliwonse ulipo mmodzi, adzuke atsogolere ana. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Atsikana asatsalire, nawonso amalembetsa.

Pabwalo pathu tinayamba awiri, pano tilipo asanu ndi anayi, atsikana awiri. Lamlungu lapitali mwana wa mlongo wanga anazungulira kasanu ndi kawiri mphindi 12 zisanathe, ndipo atamaliza anabwerera kukathamanga pambali pa mnzake amene anatsalira. Chonde, Akonzi, kalatayi ituluke Januwale asanafike, kuti olembetsa chaka chamawa aiwerenge nthawi ikadalipo.

Ine wanu,
Msilikali wakale,
Ulónguè, Angónia