Kwa mayi a malo odyera pafupi ndi depoti ya Kasungu: tionetseni mapepala anu

Mayi, ndikulemba pano chifukwa nditabwera Lachitatu kuti tikambirane pamaso, mtsikana wa pakauntala anangoti abwana atuluka. Dzina la malo anu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Loweruka ndinadya kwanuko ndi mwana wanga, nsima ya nkhuku ya lokolo. Msuzi unkachita kumveka kuti ndi wogonera, koma njala ya paulendo, tinadya. Usiku wonse mwanayo anachezera kusanza ndi kutsegula m'mimba, kutacha tinathamangira kuchipatala komwe anamuika diripi. Mwina mudzati anadya zina panjira. Chabwino, tisakangane pamenepo.

Chandiwawa ine ndi pepala lija munapachika pamwamba pa filiji. Ndinalisuzumira bwinobwino: ndi laisensi ya khonsolo, koma chaka chake chinadutsa kalekale, zilembo mpaka kufufutika ndi utsi. Ngakhale ikanakhala ya chaka chino, laisensi ya bizinesi siuza munthu kuti kukhitchini n'koyera. A zaumoyo akabwera amaona madzi amene mukuphikira, chimbudzi, posungira nyama ndi kotayira zinyalala. Ophika ndi operekera chakudya nawonso amayenera kuyezedwa kuchipatala n'kukhala ndi ziphaso zawo. Ziphaso za ana anu antchitowo zili kuti? A zaumoyo anafika liti komaliza, anapeza chiyani, inu munakonzapo chiyani? A MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu ndi zakudya, amayenderanso malo odyera. Ngati anafika kwanu, pepala lawo mukulibisiranji?

Nanga magetsi akazima tsiku lonse, nkhuku za mufilijimo zimathera kuti? Jenereta sindinaione, koma m'mbale zikufikabe.

Ndiye beseni limodzi lija, kasitomala aliyense kusambamo m'manja, madzi mpaka kuda bii! Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mwaiwala kale? Nthawi ija munaika chidebe champopi ndi sopo pakhomo, tinkakuyamikirani. Lero chidebecho mukusungiramo makala, ndinachiona ndi maso angawa kuseri kwa chitseko.

Amadya kwanuko ndi alimi ochokera kumidzi, makondakitala ndi anthu apaulendo wa pa M1 amene akadwalira kutsogolo sabwereranso kudzadandaula. Ine ndine wa konkuno.

Ndalama yanga idyeni, sindikuifuna. Lolemba m'mawa ndibweranso. Mukadzakhala kuti mwatulukanso, ndidzangopitirira ku ofesi ya zaumoyo kukafunsa ndekha tsiku limene anayendera khitchini yanu.