Mwana wovutika m'kalasi asachotsedwe m'manja mwa mphunzitsi

Akonzi,

Ndikupempha danga kuti ndilankhulepo za ntchito imene ndimagwira kuno ku England, yothandizira mphunzitsi m'kalasi ya pulayimale, komanso za kafukufuku amene adandiwawa mtima nditamuwerenga koyamba.

Kuyambira mu 2003, akatswiri a ku Institute of Education mumzinda wa London, motsogozedwa ndi Pulofesa Peter Blatchford, adachita kafukufuku wotchedwa DISS wokhudza ntchito ya othandizira aphunzitsi, momwe adatsatira ana oposa 8,000 m'sukulu zoposa 150. Zotsatira zitatuluka mu 2009, zidaonetsa kuti ana amene ankathandizidwa kwambiri ndi anthu ngati ine ankatsalira pa Chingerezi, masamu ndi sayansi poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo nzeru omwe ankathandizidwa pang'ono.

Ena atamva zimenezi adafulumira kunena kuti othandizirafe timangodya ndalama za boma, koma akatswiriwo adaloza chala kwina. Adapeza kuti sukulu zinkapereka mwana wovutikitsitsa kwa munthu amene sadaphunzire uphunzitsi, mphunzitsi weniweni n'kumatanganidwa ndi ana ena onse, ndiponso kuti awiriwa kawirikawiri sankapatsidwa nthawi yokonzera limodzi phunziro. Zimenezi ndidaziona ndi maso anga. Pasukulu ina ndidakhala chaka chathunthu pakona ya kalasi ndi kamnyamata kovutika kuwerenga, phunziro la tsikulo ndikulimvera pakhomo polowa, ndipo poopa kuti belu lilira asadamalize, ndinkangomunong'oneza mayankho. Kope lake linkadzaza, koma m'mutu mwake simunkatsala kanthu, ndipo aphunzitsi ake sankadziwa n'komwe pamene ankapunthwa.

Ndalemba chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso kwathu. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adachuluka mwadzidzidzi moti boma lidalemba aphunzitsi ambirimbiri osaphunzitsidwa ntchito, ndipo m'zaka zaposachedwapa lalembanso aphunzitsi othandizira pofuna kuchepetsa kuthithikana m'makalasi. Ndi zoona kuti ambiri mwa atsopanowa adadutsa m'makoleji a uphunzitsi, choncho si ofanana ndi ife kuno. Komabe ndikupempha akatswiri a za maphunziro a ku University of Malawi ku Zomba kuti asangowerenga chiwerengero chawo ayi, koma akakhale pansi m'kalasi ya Sitandade 1 tsiku lonse, aone kuti mwana amene sakutha kulemba dzina lake akuphunzitsidwa ndi yani, ndipo kwa mphindi zingati.

Mayi wothandizira m'kalasi,
Leeds